Mawu a Banja la Sajeni Mkwanda

Liwonde
8 Januwale 2019

Mwana wanga Tupochele,

Uli bwanji ku Dublin? Pachithunzi chija cha Khirisimasi ndinangoona maso okha, kwina konse majekete. Ukudya koma? Ife kuno tili bwino, bondo lokha ndi limene likundikumbutsa zaka mvula ikamagwa. Chimanga chafika m'chiuno.

Kalatayi ndalemba pamanja ndipo ndiijambula ndi foni monga unandiphunzitsira, chifukwa nkhani yake si yokamba netiweki ikudukaduka.

Lachisanu kunabwera mayi wina pa galimoto yoyera. Ndinamupatsa mpando ndisanafunse kuti watumidwa ndi yani. Kani ndi loya wa Douglas, munthu uja anawombera abambo ako pa lodibuloko mu 2008. Akuti apilo yake yamveka mbali imodzi. Mlandu wakupha ulipobe, umenewo sakukana, koma khoti lalamula kuti chilango chonyongedwa chija chiunikidwenso. Jaji adzakhala pa 14 Malichi. Asanagamule akufuna mawu a banja la malemu, olembedwa, ndipo afike kwa loya wa boma pasanadutse pa 8 Febuluwale.

Ndinamumvera mayiyo mpaka anamaliza. Anapempha madzi, ndinamupatsa. Atanyamuka kapu ija ndinaitsuka kawiri, ndi sopo.

Tsono iwe ndiye mwini Chingerezi m'banja muno. Ulembe. Uwauze kuti Sajeni Lawson Mkwanda sanali yunifolomu yongoyenda. Anali munthu amene m'mawa umenewo anasiya njinga yako itagadama pakhonde, n'kunena kuti adzamata chubu akaweruka. Asamatchule dzina lake ngati nambala ya fayilo.

Mchimwene wako Kondwelani ndinamuuza pa foni tsiku lomwelo. Anangoti akulembera yekha. Loweruka anabwera kudzatenga phukusi lako la nyemba ndi mtedza, akapereke ku Lilongwe kwa mayi Clotilda, a ku Chipata aja mumapemphera nawo ku Dublin, poti tchuthi chawo chatha ndipo akukwerera ndege kumeneko. Mwana ameneyu akuonda. Dimba la kundende limene amayang'aniralo sindikudziwa kuti limamudyetsa chiyani.

Undiyankhe msanga.

Ndine mayi ako,
Esnat

Crumlin, Dublin
20 Januwale 2019

Okondedwa amayi,

Ndalandira kalata yanu, ndipo nthawi ino mwajambula bwino, chala chanu changophimba mzere umodzi wokha. Ndili bwino. Ndikudya, musade nkhawa, kungoti mbatata ya kachewere yandifika pakhosi. Sukulu ikuyenda. Masiku atatu pa sabata ndimakhala ku chipatala cha ana kuno ku Crumlin, ena onse ndili pa kompyuta ndi maasainimenti. Bondolo mukupaka mankhwala aja, kapena mwawasunga mu kabati kudikira alendo?

Za Douglas, amayi, khazikani mtima pansi. Nkhaniyi yagwera m'manja mwake mwenimweni. Loya wa galimoto yoyerayo akafunse kusukulu kumene ndinaphunzira ngati panali munthu anandigonjetsapo pa dibeti.

Nditawerenga kalata yanu ndinalira kukhitchini, ndipo a Lily, eni nyumba imene ndikukhala, anandipeza. Ndi mayi wachikulire, wolongolola koma wa mtima wabwino. Ndinawafotokozera zonse. Loweruka anandikweza basi mpaka m'tauni, ku Dublin Castle, kumene kuli kamunda ka maluwa kokumbukira apolisi a kuno amene anafera pa ntchito. Amayi, maina awo anawalemba pa mwala, mmodzimmodzi! Udzu wometedwa bwino, mabenchi, anthu akuyenda monyang'ama. Ndinaima pamenepo mtima ukundiwawa. Abambo dzina lawo lili kuti? Pa chiliza chimene tinamanga tokha, ndi pa fayilo ya munthu amene anawapha. Basi.

A Lily akuti kale kuno wopha wapolisi ali pa ntchito ankagamulidwa kuti anyongedwe, ngakhale pamene anali atasiya kale kunyonga opha anthu wamba. Lamulolo analichotsa mu 1990. Pano wopha wapolisi amakhala zaka zosachepera 40. Iwo akuti zili bwino choncho. Anandigwira dzanja n'kunena kuti kupha munthu sikudzutsa wakufa. Ine ndinawafunsa kuti nanga kumusiya ndi moyo kwadzutsa ndani? Anangondigulira tiyi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Iwo ali ndi dziko lawo, ife tili ndi lathu, ndipo kwathu lamulolo likadali m'buku. Abambo sanapite pamsewu paja kukafuna ndewu. Boma linawaimika pamenepo. Anangouza munthu kuti avundukule tenti ya pikapu, iye n'kuwaombera kawiri pachifuwa, n'kuthawa ndi mabelo ake a fodya wakuba. Ine ndinali Fomu 3. Anandiitana m'kalasi la bayoloje, ndipo mpaka lero fungo la choko limandinyansa. Munthu woteroyo apatsidwe zaka, adzatuluke, adzagule matemati pa msika womwe mumagula inu? Ayi. Wapolisi akaphedwa pa ntchito waphedwa m'malo mwa tonse, ndipo chilango chake chikhale chomaliza. Ndilemba kuti chigamulo chija chisasinthe.

Phukusi lafika, koma likadali kwa mayi Clotilda ku Ballymun. Ndi mabasi awiri kuchokera kuno, ndipo masiku ano Lamlungu ndikupemphera pa tchalitchi chapafupi chifukwa cha mayeso. Ndikatenga zinthu zikapepuka.

Mwana wanu,
Tupochele

Crumlin, Dublin
5 Febuluwale 2019

Achimwene Kondwelani,

Kapena ndinene a Bonaventure Namate, poti boma limakudziwani choncho? Muli bwanji, bwana wa kabichi? Amayi akuti mukuonda. Munthu woyang'anira dimba lonse la ndende n'kumaonda, ndiye kuti akaidi akukuchenjererani.

Mauthenga anu atatu ndawaona. "Phukusi watenga?" "Katenge phukusi, muli kapepala kanga." "Usalembe usanawerenge." Inu achimwene, mawu anu mumachita kugula? Ndinawaimbira mayi Clotilda, akuti nyembazo anazipeza zili ndi anankafumbwe, ndiye phukusi lonse analiponya mu filiji yoziziritsa nyama kuti tizilomboto tife, ndipo akuti lisatuluke mwezi usanakwane. Mukuwadziwa anthu a ku Ballymun akagwira mfundo. Komanso kunena zoona, kapepala kanuko ndikukadziwa kale. Tinabadwa mimba imodzi. Ndi inu amene munamenya khoma la khoti mpaka kuthyoka chala tsiku limene Douglas anamwetulira ali m'bokosi la oimbidwa mlandu. Mukanandiuza chiyani chachilendo?

Ndiye dedilaini inali Lachisanu likubwerali, ine sindichita zinthu mothamanga. Sitetimenti ndatumiza dzulo kwa loya wa boma, masamba anayi, ndipo wayankha kuti walandira. Akuti sanawerengepo mawu a banja olembedwa mwamphamvu chonchi. Ndapempha m'dzina la banja lonse kuti chilango cha imfa chikhale momwemo. Ndime imene ndikuinyadira kwambiri ndi ya inu, ndikumasulireni:

"Mwana wamwamuna wa malemu, Kondwelani Mkwanda, amene m'mabuku a ntchito amadziwika kuti Bonaventure Namate, wakhala zaka zisanu ndi ziwiri akugwira ntchito pa ndende yomweyo imene ikusunga wopha bambo ake. Tsiku lililonse amalima ndiwo zimene munthu ameneyo amadya. Khoti liganizire mtolo umenewu."

Mwaiona? Maina onse awiri ndaika dala, kuti jaji akafuna kufufuza asasokonezeke. Ndinafuna kuwonjezera kuti dzinalo munalitenga pobwereza Sitandade 8, abambo apolisi enieni atayang'ana kumbali, koma ndinati ayi, khoti si malo a nthabwala.

Pa 14 Malichi mukavale suti ija ya buluu, mukawagwire amayi dzanja. Zina zonse ndathana nazo ine. Mundiyankheko mawu oposa atatu.

Mlongo wanu,
Tupo

Ballymun
10 Febuluwale

Tupo mwana wanga,

Nikhululukile. Lelo m'mawa nachotsa nyemba zako mu filiji, napeza envulopu pakati pa mtedza, yomangiwa mu pulasitiki. Sin'naziwe kuti muli kalata, sembe n'nakuletela kudala. Sin'natsegule. Nili pa shifiti ku Citywest mpaka 8, ndiye nasiya vonse kwa amai abusa. Tizilombo tafa tonse.

Clotilda

Kumalayini
10 Januwale 2019

Tupochele,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo sukulu ikuyenda. Kalatayi ukawerenga uiwotche. Sindikutha kukulembera pa foni. Mafoni athu timasiya pageti polowa, ndipo anzanga ena zala zawo n'zoyabwa. Dzina loti Mkwanda silinalembedwepo m'foni mwanga ngakhale kamodzi.

Ndakhala ndikukunamizani, iwe ndi amayi. Kudimba ndinagwirako miyezi inayi yokha. Kenako ndinapempha ndekha kuti andisamutsire ku chigawo cha oyembekezera kunyongedwa, kumene ife timati ku kondemu. Anthu amakuthawa kumeneko, ndiye anandivomera tsiku lomwelo. Palibe anafunsa kanthu. Ukukumbukira kuti nditalephera kusankhidwa Sitandade 8, ndinabwereza ku sukulu ya kwa amalume ndi dzina lina, monga ankachitira ana ambiri nthawi imeneyo. Satifiketi zanga zonse ndi za Bonaventure Namate. Namate alibe bambo amene anaphedwa pa lodibuloko. Pa fomu yofunsa ngati ndili ndi mkaidi amene ndikumudziwa, ndinalemba kuti ayi.

Ndinalowa ntchito imeneyi ndi cholinga chimodzi, kuti tsiku lomunyonga Douglas ndidzakhalepo. Ndinkafuna ndidzakhale amene adzatsegule chitseko chake.

Tsopano ndi zaka zisanu ndi ziwiri. M'mawa uliwonse pa foleni, nthawi yowawerenga, ndimamuwerenga. Madzulo ndimamuwerenganso n'kumutsekera. Ndikudziwa chifuwa chake akamatsokomola. Ndikudziwa kuti nyemba amayamba wachotsa makoko. Tupo, ndikumudziwa munthu ameneyu kuposa mmene ndinawadziwira abambo.

Dziko lino silinanyonge munthu chichokere 1992. Makhoti amagamula, koma palibe amasayina. Iwe uli kutali, ukamva kuti "chilango cha imfa" umaona ngati chinthu chimene chimachitika. Ine ndimachiona tsiku ndi tsiku. Ndi chipinda, ndowa, ndi kudikira. Iye akudikira, ine ndikudikira naye. Anandipatsa transifa katatu, ndinakana. Kosi yokwezedwa ndinakana, poopa kuti tsikulo lingafike ndili kwina. Wachikondi wanga uja Daphne sanandisiye chifukwa cha mwamuna wina monga ndinakuuzirani. Anapeza malo ophunzitsa ku Mzuzu, anandipempha kuti ndipemphe kusamukira kumeneko, ine ndinati sindingathe ndipo sindinamuuze chifukwa. Anadikira chaka chathunthu. Pano ali ndi mwana.

Chaka chatha mu Juni Douglas anadwala malungo aakulu. Anakomoka pa foleni. Machira kunalibe. Ndinamubereka kumsana ine, kuthamanga naye mpaka ku kachipatala ka m'kati, ndikukuwa kuti anthu apatuke. Adokotala anandiyamikira pamaso pa abwana. Sankadziwa kuti njira yonse ndinkapemphera kuti asafe ndi malungo, akhale moyo mpaka chingwe. Nditamutsitsa ndinapita kuseri kwa khitchini n'kusanza. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti mutu wanga suli bwino.

Usandiyese woyera mtima. Sindinamukhululukire ndipo sindikuganiza kuti ndidzatero. Koma chigamulo chija chikangokhala momwemo, ndikudzidziwa, sindichoka pano. Ndidzakalamba ndi makiyi m'manja. Akamupatsa zaka, kaya 30 kaya 40, ndiye kuti palibenso tsiku loti ndilidikire, ndipo nditha kupempha transifa ngati munthu wina aliyense. Ndili ndi zaka 31. Ndikufuna kukagona m'nyumba imene siyang'anana ndi mpanda.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, upemphe zaka, zambiri mmene ungathere, koma zaka. Chachiwiri, usanditchule paliponse. Akadziwa kuti Namate ndi mwana wa Mkwanda, ntchito yatha, mwinanso mlandu pamwamba.

Amayi usawauze. Ndidzawauza ndekha ndikapeza poyambira.

Mchimwene wako,
Kondwelani

Crumlin, Dublin
12 Febuluwale 2019

Achimwene,

Sindikufunsani kuti muli bwanji, chifukwa ndikudziwa, ndipo wachititsa ndine. Kalatayi ndaitumiza pa foni ya amayi, poti akuti mukubwera Loweruka. Ndawauza kuti asawerenge.

Chitumizireni kalata yanga ija simunayankhe, mafoni anga simukutenga. Lamlungu ndinati ndikatenge phukusi lija ndione chimene chakukwiyitsani. Kalata yanu ndinaitsegula mu basi 13 pochokera ku Ballymun, pepala likadali lozizira. Ndinapitirira siteji yanga osadziwa. Mayi wina anandipatsa tishu n'kundifunsa ngati kwathu kwagwa maliro.

Dzulo 8 koloko ndinamuimbira loya wa boma. Ndinamupempha, ndinamukalipira, ndinamupemphanso. Akuti sitetimenti inalowa kale ku khoti Lachinayi, ndipo kope anapereka kwa loya wa Douglas monga mwa lamulo. Ndime ya inu ija akuti anaidula mzere kunsi, poti anaikonda.

Munandiuza katatu. Katatu! Ine ndi nzeru zanga za ku Dublin ndinati ndikudziwa kale. Mabasi awiri okha, achimwene. Ndimakwera mabasi awiri kukagula chinangwa ku shopu ya anthu a ku Nigeria, koma ndinalephera kukwera mabasi awiri kukamva mchimwene wanga. Pepani. Ndilibe mawu ena aakulu kuposa amenewa, m'Chichewa ngakhale m'Chingerezi chimene ndimadzitama nachocho.

Koma nanenso ndakwiya, ndipo ndinena. Zaka zisanu ndi ziwiri ndikukusekani za kabichi, inu n'kumaseka nawo. Daphne ndinamutukwana mumtima, pa msika ndinamudutsa osamupatsa moni. Munatisandutsa zitsiru tonse, ndipo munadzitsekera nokha ndi munthu ameneyo ngati kuti abambo anali a inu nokha.

Ndipo sindikunamizani kuti mtima wanga watembenuka. Pa dzina lanu ndalakwa kotheratu. Pa chingwe sindinasinthe. Ndikawerenga zoti munamubereka kumsana, m'malo momumvera chisoni ndikufuna afe kawiri. Chimene ndachita ndi ichi: ndalemba kalata ina yaifupi ku khoti, yonena kuti ndinalakwa kulankhula m'dzina la banja lonse, kuti maganizo aja ndi a ine ndekha, ndipo mchimwene wanga ali ndi ake. Loya akuti imeneyo ailandira. Pakamwa panu ndakubwezerani. Mukalankhule.

Tupo

Liwonde
23 Febuluwale 2019

Tupo,

Ndalandira. Ndili kwa amayi.

Lachitatu anandiitana ku ofesi. Abwana anali ndi fomu yanga ya 2012 patebulo, ndi masamba ako anayi pambali pake. Anandifunsa dzina. Ndinawauza. Anati pa anyamata awo onse ine ndi amene sanandiganizirepo kanthu. Andiimitsa ntchito podikira komiti. Makiyi ndinapereka pomwepo, yunifolomu mawa lake. Za mlandu akuti aona.

Amayi ndawauza zonse. Sanalire. Anandifunsa kuti, "Ndiye Khirisimasi zonse zija unkati uli pa ntchito, unali ndi iyeyo?" Ndinati inde. Analowa kuchipinda, ndipo tsiku limenelo sitinadye.

Usaganize kuti poti andichotsa ndiye kuti zatha. Dzulo ndinadzipeza ndikufunsa mtengo wa nyumba za lendi pafupi ndi ndende. Ndinati mwina ndizigulitsa makala pamenepo. Ukuona mmene zilili.

Ku khoti ndikalankhula. Kukwiya ndakwiya, koma Chingerezi chako n'chabwino, abwana anachita kunena okha.

Kondwelani

Liwonde
15 Malichi 2019

Mwana wanga Tupochele,

Ndikhulupirira uli bwino. Mvula yoopsa ija yatisiyira khoma la bafa lili pansi, koma nyumba ili chilili. Dzulo unaimba kasanu ndi kawiri, sindinatenge dala. Ndinafuna uzimve mwadongosolo, ndiponso uzimve kwa ine.

Tinafika ku khoti 8 koloko. Douglas anamulowetsa ndi unyolo. Wakalamba, Tupochele, imvi mbuu, mano akutsogolo palibe. Ndinayembekeza kuti ndikamuona ndimva chisoni, koma ayi ndithu.

Anawerenga masamba ako onse anayi, womasulira akutiuza m'Chichewa. Pofika pa njinga ija, wapolisi wa pakhomo anavula chipewa. Unalemba bwino mwanawe, abambo ako anaimirira m'khotimo ngati munthu. Kenako anawerenga kakalata kako kachiwiri.

Ndiye anaitana mchimwene wako. Ananena zonse zimene anakulembera, osabisa ngakhale za kusanza. Anapempha zaka. Atakhala pansi, jaji anatembenukira kwa Douglas n'kumufunsa ngati msilikali wa ndende ameneyu anamuzunzapo m'zaka zonsezi. Douglas anati ayi, ngakhale kumutukwana. Jaji anati, "Unkadziwa kuti ndi mwana wa malemu?" Iye anati, "Bwana, ndinamudziwa tsiku loyamba. Nkhope ya munthu amene ndinamuwombera sinandichokepo m'maso, ndiye inangolowa pakhomo itanyamula makiyi." Akuti sanauze munthu, ngakhale loya wake, poti anaona kuti mwanayo ali ndi ufulu wobwera. M'mawa uliwonse chitseko chikamatseguka ankati lero ndi lero, mwanayu abwezera.

Kondwelani anagwira benchi. Iye ankayesa kuti akumuzonda munthu mobisa, pamene zaka zonsezi ankangoyang'anana.

Apa jaji anavula magalasi n'kunena kuti ali ndi mawu awiri a banja limodzi, mwana wamkazi akuti chingwe, wamwamuna akuti zaka. Anafunsa ngati mkazi wa malemu alipo. Ine ntchito ndinaipereka kwa iwe kuti ndisadzaime pamenepo, koma ndinaima, ndi bondo langa lomweli.

Tsono umve bwino. Iwe sunalakwitse kuwerenga kalata yanga yoyamba ija. Chingwe ndinkachifuna. Ndachifuna zaka khumi ndi chimodzi, ndipo pa Mgonero ndakhala ndikulandira ndi mtima umenewo, Mulungu akudziwa. Dzulo lomwe ndikukwera masitepe a khoti ndinkachifunabe.

Ndinati, "Bwana jaji, mwana wanga wamkazi wanena zoona, munthu uyu ngoyenera kufa. Koma m'nyumba mwanga anatengamo anthu awiri. Mmodzi ali kumanda, simungandibwezere. Winayu ndi uyu wakhala apayu, ndipo ndikumufuna. Mupatseni zaka."

Sindinanene zoti ndakhululuka, ngakhale loya wa galimoto yoyera uja anandiyang'ana ngati akudikira mawu amenewo.

Jaji anatuluka, anabwera 3 koloko. Anati kupha wapolisi pa ntchito ndi mlandu woopsa pa milandu yonse yakupha, ndipo mawu ako anawatchula kawiri. Chilango cha imfa wachichotsa. Wamupatsa zaka 42 kuyambira tsiku limene anamangidwa.

Potuluka mchimwene wako sanayang'ane galimoto ya ndende. Ndinamuyang'anitsitsa dala, sanacheuke. Mu minibasi anagona paphewa panga kuyambira pa siteji mpaka pa mlatho, kukamwa kuli yasa, kondakitala mpaka anaseka. Ntchito ndiye yapita, kalata ya komiti inafika Lolemba. Akuti mwezi wa mawa apita ku Kasungu kwa mnzake wa galaja akaone ngati angaphunzire ntchito.

Ndikudziwa kuti wakwiya. Ukwiyire ine, usakwiyire iye. Unachita zimene ndinakutuma, ndipo ine ndakugonjetsa pagulu ndi pakamwa panga. Sindikupepesa, koma zikundiwawa.

Chomaliza ndi ichi. Kondwelani wawerengera kuti akachotsa zaka za khalidwe labwino, Douglas atha kutuluka mu 2036. Ine ndidzakhala ndi zaka 78, kaya ndidzakhalapo kaya ayi. Amene mudzakumane naye pamsewu ndi inu awiri. Ndiye Lamlungu ukatuluka m'tchalitchi umuimbire mchimwene wako, ndamuuza kuti atenge foni. Muli ndi zaka 17 zoti mugwirizane chimene mudzachite akadzakupatsani moni.

Ndine mayi ako,
Esnat